Mzere Wobiriwira ndi Sikelo ya Achemwali

Ntchito yanga yoyamba nditamaliza maphunziro a makompyuta inali yolera foni. Anthu amaseka ndikanena choncho, koma sindinama. Bungwe lina loona zaumoyo linandipatsa kachipinda kuseri kwa shopu ya zitsulo ku Chintheche, tebulo, kompyuta, batire la sola, ndi foni imodzi yong'aluka pakona, yomangidwa ndi labala kuti chivindikiro chisagwe. Foniyo sinali yoimbira munthu. Inkakhala pashelefu, yolumikizidwa ku kompyuta ndi chingwe, ndipo ine ndinkaonetsetsa kuti ili ndi moto, kuti dzuwa la pawindo silikuiwomba, ndiponso kuti nyerere sizinamangemo mudzi.

Bungwelo linali ndi pulogalamu ya pafoni imene alangizi a zaumoyo a m'midzi ankalemberamo ana pa tsiku la sikelo: dzina la mwana, kulemera kwake, katemera amene walandira. Olemba pulogalamuyo ankakhala ku Lilongwe, ndipo pafupifupi tsiku lililonse ankasinthamo kanthu. M'mawa uliwonse, ine ndisanatsegule n'komwe chitseko, kompyuta ija inkakoka yokha pulogalamu yosinthidwayo, n'kuiika m'foni ya pashelefu, n'kuiyendetsa monga mlangizi angachitire. Inkatsegula, kufufuza mwana, kulemba kulemera, kusunga. Anawo anali ongopeka. Chimene tinkafuna chinali nthawi, kuti kuchokera podina poyamba mpaka posunga foni yachedwa bwanji. Yankho la tsiku limenelo linkakhala kadontho pa galafu, ndipo timadontho ta masiku onse tinkapanga mzere. Anzanga a ku Lilongwe ankati benchimaki. Ine ndikamafotokozera anthu akwathu ndinkati ndi sikelo ya pulogalamu, chifukwa nayonso tinkaikweza kuti tione ngati ikulemera.

Amene anaganiza zoti muyesowo uzichitikira kunyanja, pa foni ya mtundu umene alangizi amagwira, anali atachoka kale pamene ine ndinkabwera. Sindinamuonepo. Ndimangomva kuti anakangana kwambiri ndi a ku Lilongwe kuti foni yoyezera isakhale mu ofesi yozizira ya mu mzinda. Anapambana mkanganowo, kenako anapeza ntchito ina kunja.

Mmodzi mwa alangizi amene ankagwiritsa ntchito pulogalamuyo anali achemwali anga, oyamba kubadwa m'nyumba mwathu, amene anandibereka kumbuyo ndili khanda ndipo mpaka lero amandikumbutsa kuti ndinkawakodzera. Iwo anatsala kumudzi, kumpoto kwa Usisya, njira ya ku Ruarwe, kumene galimoto imafika pokhapokha dalaivala atatopa nawo moyo. Bungwe linkawalemba ntchito ya chaka chimodzi, ndipo chikatha linkaona ngati lingawapatse china. Ntchitoyo ankaikonda moipa. Asanaipeze anali mayi wothawidwa ndi mwamuna, woviika chinangwa ndi kuyanika usipa wa anthu ena. Ataipeza anayamba kuyenda ndi ambulera ngakhale kulibe mvula, ndipo kutchalitchi anawasankha kukhala m'komiti ya amayi. Foni yawo inali yofanana ndendende ndi ya pashelefu panga, chifukwa zinagulidwa limodzi. Mafoni atsopano akabwera ankagawidwa kuyambira pamsewu wa tala, ku Kande, ku Chintheche, ku Mpamba, kumene alendo a bungwe amaima n'kujambula zithunzi, ndipo ankatha asanakwere boti.

Sikelo ya kwathu si ya tsiku lonse. Amayi ambiri amachokera m'timidzi ta kuseri kwa matanthwe, kumene njira ya pamtunda imakwera phiri lonse isanatsike, ndiye amabwera pa bwato, mwana kumbuyo, mwamuna kapena mlamu akupalasa. Nyengo ya mwera nyanja imagona m'mamawa, koma dzuwa likangokwera pang'ono imadzuka, ndipo wopalasa sadikira kuti mwana apimidwe. Akangoti tiyeni, mayi amanyamuka. Achemwali anali ndi kanthawi ka pakati pa kufika kwa mabwato ndi kudzuka kwa mphepo, ndipo amayi onse ankayenera kuthandizidwa m'kanthawi kameneko.

Pamene ndinkayamba ntchito, pulogalamu inali yopepuka. Udina yatsegula, udina yasunga. Mayi asanamalize kumanga chitenje, mwana walembedwa kale. Kenako opereka thandizo anayamba kubwera ndi mafunso awo. Ena ankafuna kudziwa ngati mwana amagona m'neti. Ena ankafuna za chimbudzi ndi madzi akumwa. Ena anakayikira kuti alangizi amalemba ana atakhala pakhonde kunyumba kwawo, ndiye analamula kuti foni izijambula mwanayo ali pasikelo, izisonyezanso malo enieni amene yaima, ndipo popanda zimenezo isalole kusunga. Ndinaliganizira funso lililonse, ndikufunafuna woti ndimude, koma onse anali ndi chifukwa chomveka.

Muyeso wathu unali ndi lamulo limodzi. Nthawi ya lero inkayerekezedwa ndi ya sabata yatha. Pulogalamu ikachedwa kupitirira malire amene anaikidwa, kadontho kankafiira, ndipo kompyuta inkatumiza yokha uthenga pagulu lathu la pafoni, wokhala ndi dzina la amene wasintha pulogalamuyo ndi chithunzi cha bilimankhwe. Ikachedwa pang'ono, osafika pamalirepo, kadontho kankakhala kobiriwira ndipo aliyense ankapitiriza kumwa tiyi. Za bilimankhwezo zinayamba ngati nthabwala. Koma anyamata a ku Lilongwe ankamuopa kuposa abwana, chifukwa amene wamulandira ankatchedwa dzina limenelo sabata yonse, ndi amayi okonza mu ofesi omwe, ndipo wina anafika posiya kudya ndi anzake masana.

Ndiye anapeza njira. Anandiuza ndi mmodzi wa iwo, mnzanga wa kukoleji, akuseka pafoni, osaona cholakwa chilichonse. Ukaona kuti chimene walemba n'cholemera, suchilowetsa chonse nthawi imodzi. Umachidula, chidutswa sabata ino, china sabata yamawa, chilichonse chongotsala pang'ono kufika pamalire. Sabata ikatha, kuchedwa kwa sabata imeneyo kumasanduka poyambira pa sabata yotsatira, ndiye umawonjezanso pamenepo. Sankaba, sankanama, ankangopewa kusekedwa. Amati pang'onopang'ono ndi mtolo, ndipo amene anausenza mtolo umenewu anali anthu oti sanamvepo za bilimankhwe wathuyo. Tsamba la galafu likatseguka linkangoonetsa masiku aposachedwa, ndipo pamenepo mzere unkaoneka wogona ngati mphasa.

Anandidzutsa ndi achemwali. Anabwera ku Chintheche ku maphunziro a alangizi, n'kudzafikira kwa ine. M'mawa ananditsatira ku kachipinda kaja, akuti akufuna aone kumene mlongo wawo amadyera za ulere. Anayang'ana shelefu, natulutsa foni yawo m'chikwama n'kuiika pafupi ndi inzake, ngati akukumanitsa mapasa. Anandifunsa ngati mafoni amakalamba ngati anthu. Anati masiku ano akadina amatha kupita kukakoleka mwana wina pasikelo, kumutsitsa, kumubwezera kwa mayi ake, pobwera kachizungulire kaja kouza munthu kuti adikire kadakazungulirabe pagalasi.

"Iwe amene umakhala ndi mnzakeyu tsiku ndi tsiku, sakuuza chilichonse?" anatero.

Ndinatambasula galafu kuti ionetse zonse kuyambira pachiyambi. Timadontho pafupifupi tonse tinali tobiriwira, koma mzerewo unkakwera ngati njira ya kumunda kwathu kuphiri, osapuma paliponse. Ntchito imene poyamba inkatha m'masekondi ochepa tsopano inkadya mphindi zingapo pa mwana mmodzi. Ndipo imeneyo inali foni ya pamthunzi, ya batire lodzaza, yosagwidwa ndi manja a thukuta. Achemwali anasuzumira, nafunsa ngati chobiriwiracho chikutanthauza kuti zili bwino. Ndinati inde, ndi mmene chimatanthauzira. Anangoti ehe, n'kubweza foni yawo m'chikwama.

Tsiku limenelo ndinasangalala. Ndinkaganiza kuti vuto likaoneka pachithunzi latha kale. Ndinalembera abwana athu, mkulu wa ntchito yonseyo, bambo wa ku Kasungu wolankhula mofatsa, wosaiwala kufunsa za kunyumba. Kufatsa kwakeko n'kumene kunkandipha, chifukwa munthu wamwano umadziwa pomugwira. Anandithokoza kwambiri, anati ndagwira ntchito yotamandika, ndipo aziona kotala ikubwerayo, pakatha miyezi itatu. Kotala itafika panali funso latsopano la opereka thandizo limene linkafunika msanga. Yotsatira panali alendo ochokera kunja.

Ndinayamba kutumiza galafu yonse pagulu Lolemba lililonse. Masabata oyamba ankayankha, kenako ankangoika chala chachikulu, kenako zii. Anandipatsa dzina loti bambo Galafu. Mnzanga uja anandiuza mwachikondi kuti ndikutopetsa anthu, ndipo iwo akayesa pa mafoni awo pulogalamu imathamanga bwinobwino. Anandifotokozeranso chinthu chimene sindinathe kutsutsa. Kuti aipepuze pankafunika mwezi wathunthu wosawonjezera chatsopano chilichonse, ndipo palibe wopereka thandizo amene angavomere mwezi wotero, chifukwa pamapeto pake sipakhala choonetsa. Funso latsopano umalijambula n'kuliika mu lipoti, koma kuchedwa kumene kwachotsedwa kulibe chithunzi. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo pagulu lonselo amene ndinkamva m'mimba ndinali ndekha.

Chimene chinkandisowetsa mtendere chinali muyeso wina, umene sunali wanga. Bungwe linkawerenganso alangizi. Pulogalamu yomweyo inkatumiza ku ofesi chiwerengero cha ana amene mlangizi aliyense walemba, ndipo maina ankasanjidwa kuyambira wolemba ambiri mpaka wolemba ochepa. A pamsewu, a mafoni atsopano, amene amayi awo amabwera wapansi ndipo akhoza kudikira mpaka masana, anali pamwamba. Dzina la achemwali linkatsika mwezi ndi mwezi. Pamndandanda umenewo kunalibe zoyerekeza ndi sabata yatha, kunalibenso nthabwala. Ukafika pansi dzina lako linkafiira, ndipo chaka chikamatha ankayang'ana pamenepo posankha oti apitirize ntchito.

Mwezi wina wa mwera ndinapita kumudzi kuti ndikaone ndi maso anga. Sikelo inkakolekedwa panthambi ya mtengo wa mango pafupi ndi tchalitchi. Mabwato anafika dzuwa lisanatenthe, amayi akupatsana moni wa mwayuka uli, ndayuka umampha, koma maso awo ali kunyanja. Poti ine ndinalipo, achemwali anati ayesa kuchita zonse monga mwa lamulo. Mwana woyamba anatheka. Wachiwiri anatheka movutikira. Pa wachitatu foni inali itatentha ngati mbale yosiyidwa padzuwa, ikufunafuna malo amene yaima pakati pa mapiri aja osawapeza. Mwanayo anali woonda, wa tsitsi lofiirira, ali lende m'kabudula wa sikelo, akulira mopanda mphamvu. Kudooko bambo wina anayamba kugogoda nkhafi pa bwato. Mayi wa mwanayo anadikira pang'ono mwaulemu, kenako anamutsitsa yekha mwana wake, n'kumuponya kumbuyo, n'kutsetsereka. Amayi ena awiri amene anabwera pa bwato lomwelo anamutsatira, ana awo osakwera n'komwe sikelo.

Achemwali sanandiyang'ane. Anaika foni m'chikwama, natenga cholembera, n'kuyamba kukweza ana mmodzimmodzi mwachangu, akulemba kulemera m'mabuku a ana okhaokha, aja amayi amasunga m'pepala la pulasitiki. Mphepo isanalimbe onse otsala anali atathandizidwa. Atapita a mabwato, anatulutsanso foni n'kulemba ana ochepa a pamudzi pomwepo, amene amayi awo akanatha kudikira. Ndi mmene ankachitira mwezi uliwonse. Ku ofesi kunkafika ana ochepa aja basi, ndipo ena onse zinali ngati sanabwere.

Pobwerera kunyumba ndinayamba kuwapatsa nzeru zanga za kusukulu. Ndinati azimitse mapulogalamu ena, aziika foni pamthunzi, azifika msanga kuti ipeze malo anthu asanabwere. Zonsezo anali atayesa kale. Ndinawerengera mumtima n'kupeza kuti ngakhale atagwira foni m'mawa wonse osakhudza cholembera, sakanalemba ngakhale theka la ana, ndipo dzina lawo likanafiirabe. Kunalibe njira imene akanapulumukira. Iwo anali atazidziwa kale ine ndisanabwere, ndipo anangondisiya ndilankhule mpaka nditatopa. Kenako anandifunsa ngati ndidya kondowole ndi usipa kapena ndazolowera za m'tauni.

Msonkhano wa kumapeto kwa chaka unachitika pa kompyuta, iwo ali m'chipinda chawo ku Lilongwe, ine m'kachipinda kanga, wa shopu akudula malata kuseri kwa khoma. Ndinali nditakonzeka. Ndinaika mizere iwiri pa chithunzi chimodzi, wa kuchedwa kwa pulogalamu ukukwera, wa ana olembedwa kumudzi kwathu ukutsika, ndipo inkayenderana moti ngakhale mwana wa sitandade wani akanaona. Ndinafotokoza za mwera ndi za mabwato. Anamvetsera bwino ndithu. Nditamaliza abwana anakhosomola pang'ono n'kufunsa ndi mawu awo ofatsa aja.

"Pepani achimwene, kungofuna kumvetsa. Mlangizi wa kumeneku si achemwali anu?"

Ndinavomera, poti akanakhala ndani. Ndinaona nkhope zawo zikumasuka, ngati anthu amene apeza pamene panali kudontha denga. Kuyambira pamenepo mizere yanga inasiya kukhala muyeso, inasanduka nkhani ya pachibale. Mmodzi wa olemba pulogalamu, osati mnzanga uja, ananena kuti vuto lenileni ndi foni yoyezera. Anati ndi yakale kwambiri, mtundu wake anasiya kupanga, ndipo kuyeza pulogalamu ya lero pa foni yotero n'kudzinamiza. Ena anagwedeza mitu.

Ndinapsa mtima, ndipo ine ndikapsa mtima Chichewa chimandithawa, ndimasakaniza ndi Chitonga ndi Chingelezi. Ndinawauza kuti foni yakaleyo ndi imene ili m'manja mwa alangizi onse a kuseri kwa mapiri. Ndinati bilimankhwe amene amamuopa ndi iwo eni, osintha mtundu malinga ndi mlendo amene wabwera. Ndinati abwere adzakhale pansi pa mango paja adzauze mayi wa mwana woonda kuti zonse n'zobiriwira. Ndinalankhula zambiri, zina zabwino kwambiri moti ndimazikumbukirabe. Nditaima kuti ndipume ndinaona kuti nkhope zawo zauma pagalasi, abwana ali kukamwa yasa. Netiweki inali itadula. Sindidziwa mpaka lero kuti anamva mpaka pati. Itabwerera anali atapita kale pa nkhani ya yunifolomu, ndipo ndinazindikira kuti ndinkaimbira mbuzi gitala.

Patapita masiku abwana anandiimbira okha. Sanatchule za mawu anga. Anati nkhawa zanga azimva, ndipo agwirizana kuti anditumizire foni yatsopano yoyezera, kuti muyeso ukhale wodalirika. Ndinawafunsa za mafoni a alangizi a kunyanja. Anati zimenezo zili m'mapulani.

Foniyo inabwera pa minibasi, m'katoni yomata bwino, kondakitala akuinyamula ngati mazira. Inali yokongola, sindingakane. Ndinaganiza zokana kuilumikiza, ndinaganizanso zosiya ntchito, koma ndinali ndi mkazi woyembekezera ndipo ntchito za makompyuta ku Chintheche sizimera ngati bowa. Ndinayesa kuyendetsa ziwiri zonse, yakale ndi yatsopano, kuti pakhale mizere iwiri. Sipanatenge nthawi anandiuza kuti mizere iwiri ikusokoneza lipoti la opereka thandizo, ndipo wakalewo usungidwe padera kuti wofuna adzaupeze. Palibe amene anaufunapo. Ndinazula chingwe ku foni yakale ndi manja angawa, n'kuchilowetsa ku yatsopano. M'mawa mwake kadontho kanagwera pansi penipeni pa galafu, pansi kuposa pamene tinayambira. Pagulu panadzaza zithunzi za moto ndi manja owomba, ndipo wina analemba kuti tithokoze bambo Galafu chifukwa cha khama lawo.

Bungwe silinawawonjezere achemwali chaka. Anandiuza okha, ataima pa thanthwe limene netiweki imagwira kumudzi kwathu, mawu awo akudukaduka ndi mphepo. Anati awauza kuti ntchito yawo yakhala ikutsika kwa nthawi yaitali, ndipo anachenjezedwa. Sanalire, ndipo ndikanakonda akanalira kapena kunditukwana. Anangofunsa ngati ine ntchito ndikadali nayo. Nditati eya, anati ndisachite zopusa, ndiigwire bwino, mlamu wawo ali ndi pakati. Ndinakhala pansi m'kachipinda kaja nthawi yaitali ndikuyang'ana shelefu. Ndinali ndi umboni wonse, woyezedwa m'mawa uliwonse mosaphonya, ndipo sunathe kuteteza munthu mmodzi. Ndinamva manyazi ndi chisoni, ndipo ukali unali utandithera.

M'malo mwawo anatumiza mayi wina wa ku Dedza, wachikulire ndithu, amene anagwirapo ntchitoyi zaka zingapo kumtunda ndipo anapempha yekha malo alionse amene angapezeke. Foni ya achemwali itabwezedwa ku ofesi anaipeza batire litatupa, ndiye anaitaya. Mafoni atsopano anali atatha, monga mwa masiku onse. Wina ku Lilongwe anakumbukira kuti pashelefu panga pali foni yakale ija imene ikungokhala. Anandiuza kuti ndiifufute za muyeso, ndiikemo pulogalamu, ndikaipereke kwa mlangizi watsopanoyo, ndipo poti kumeneko n'kwathu ndimuperekeze. Foni imene inakalamba moti sitingayezerepo inali isanakalambe moti singagwire ntchito.

Tinakwera boti ku Nkhata Bay. Mayiyo anali asanakwerepo, ndipo anasanza njira yonse, akupepesa kwa aliyense. Padooko tinapeza achemwali akutidikira. Anamulandira katundu, namupatsa madzi osamba, n'kumugoneka m'nyumba mwawo, chifukwa nyumba imene mudzi unalonjeza inali isanafoleredwe. Ine ndinkayembekezera kuti pakhala kuzizira pakati pawo, mwinanso ndinkafuna kuti pakhale, koma ndinawapeza akusankha nyemba limodzi, mlendoyo akuphunzitsidwa kuthokoza m'Chitonga kuti yewu ukongwa.

Sikelo inali m'mawa mwake. Achemwali anabwera atavala chitenje wamba ndi bulauzi ya kunyumba, akuti angothandiza kumasulira, poti amayi ambiri Chichewa chawo n'chongogulira mchere. Anakhala pamuzu wa mango, chapatali pang'ono. Mayi wa ku Dedza anakoleka mwana woyamba, nawerenga kulemera, nadina foni. Kachizungulire kanayamba. Anadikira, nadinanso, naitembenuza kuyang'ana kumbuyo kwake, kenako anayamba kutuluka thukuta pamphuno. Amayi onse ankamuyang'ana mlendoyo. Achemwali anamuitana ndi dzanja n'kulankhula motsitsa mawu, koma ine ndinamva.

"Mukadina musamaiyang'ane, amayi. Mukaiyang'ana, onsewa aziyang'ana kunyanja. Muzimufunsa mayiyo za chinangwa chake, za apongozi ake, chilichonse, asadziwe kuti mukudikira. Mphepo ikayamba, mudzaona nokha chochita. Ine sindikuuzani."

Mayiyo anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Kenako anatembenukira kwa ine, foni ili m'manja ikuzungulirabe.

"Achimwene, paja akuti inu ndi amene mumayeza zimenezi. Adzakonza liti?"

Ndinafuna kunama kuti posachedwa, koma achemwali anali pomwepo. Ndinamuuza zoona, kuti malinga ndi muyeso wa ku ofesi palibe chokonza, ndipo pulogalamuyi sinathamangepo chonchi chiyambire. Anandiyang'ana kuti aone ngati ndikuseka. Ataona kuti ayi, anabwerera kusikelo n'kufunsa mayi wa mwanayo, m'Chichewa chake cha ku Dedza, ngati chinangwa chachita bwino chaka chino.

Masamba a mango anayamba kugwedezeka. Mayi wina wachitsikana, amene ankaoneka kuti sanamve za kusinthaku, anadzuka ndi khanda lake n'kupita molunjika kwa achemwali, monga ankachitira mwezi uliwonse, n'kulitambasulira kwa iwo. Achemwali anaimirira msanga, manja ali kale m'mwamba kuti alilandire. Zala zawo zinakhudza nsalu ya mwanayo, kenako anaima. Anabweza manjawo, nawapisa m'chitenje, n'kumulozera mayiyo ndi chibwano kwa mlendo uja, amene anali adakali ndi mwana woyamba.